Lamya ya Masana ndi Apongozi a Nyani

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili tonse. Kale, nyama zikulembedwa ntchito ngati anthu, panali depoti yogula mbewu dzina lake Tikolore. Bwana wamkulu anali Njati. Kapitawo anali Nyani, ndipo Fisi ndiye ankasunga makiyi a nkhokwe. Pansi pa akuluakuluwa panali tinyama tosenza, toyeza ndi tosoka matumba. Pakati pa osoka matumba panali mayi wina wochepa thupi koma wosatha kukhala pansi, dzina lake Gologolo.

Pa depotipo panali lamya imodzi yokha, yakuda, ya chingwe, pa tebulo la mu ofesi. M'mawa ndi madzulo ankayankha ndi mlembi, Gwape. Koma chitsulo cha nkhomaliro chikalira, Gwape ankanyamula kachikwama kake n'kupita kukadya, ndipo lamya inkafuna wina woidikirira kwa maola awiri. Ndiyonso nthawi imene inkalira kwambiri, chifukwa alimi akaweruka kumunda m'pamene ankakumbuka zofunsa: kaya matumba abwera, kaya lole ifika liti, kaya sikelo yakonzedwa.

Mndandanda wa odikirira lamya ankalemba ndi Nyani. Lolemba lililonse ankaukhoma pa chitseko, ndipo m'munsi mwake munali malamulo atatu amene anawapeka yekha n'kumawanyadira. Lamulo loyamba linkati wokhala pa lamya asachoke pampando ngakhale denga ligwe. Linzake linkati asanamize woimba. Lomaliza linkati uthenga aupereke kwa mwini wake nthawi yomweyo, mokweza, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve.

Poyamba mayina ankasinthana pakati pa tinyama ting'onoting'ono. Koma Nyani anaona kuti Gologolo saiwala uthenga. Mutu umene umakumbuka pamene unakwirira mtedza chaka chatha sungataye mawu a mlimi. Ndiye anayamba kumulemba kawiri pa sabata, kenako katatu, mpaka dzina lake linadzaza pepala lonse, kuyambira Lolemba kufika Lachisanu. Khama lake lomwe ndi limene linamumangirira pampando.

Za nkhomaliro zokha Gologolo sakanadandaula. Ankakukuta mtedza wake lamya ili kukhutu. Chimene chinkamudya mumtima ndi sukulu ya kwacha. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, pa nthawi ya nkhomaliro, aphunzitsi a Kakowa ankaphunzitsa akuluakulu kuwerenga m'katchalitchi ka pafupi ndi depoti. Gologolo anali atayamba bwino. Manambala anali atawadziwa onse, ndipo dzina lake ankalizindikira likalembedwa, ngakhale kuti kulilemba yekha kunali kusanatheke. Apa m'pamene mndandanda unamumeza.

Akatsala yekha mu ofesimo ankaimba kanyimbo kake. Nyimboyo inkafunsa lamya kuti mayi wake ndani, poti imalira masana ngati khanda lopanda mwini, kenako inkatchula akuluakulu mmodzimmodzi n'kuwafunsa ngati mwanayo si wawo. Osoka matumba, amene ankadyera panja pa zenera, ankavomera kuti mwanayo ngwa onse koma mbereko ili kumsana kwa mmodzi.

Lamulungu lina potuluka m'mapemphero, a Kakowa anamuimitsa. Anamuuza kuti alipo ambiri amene akudikirira malo, ndipo masileti ndi ochepa.

"Amayi, katatu kena ndipirira. Mukajomba kachinayi, dzina lanu ndifufuta, sileti ndipatsa wina."

Gologolo anawerenga pa zala: Lachiwiri, Lachisanu, Lachiwiri. Lachisanu la sabata inayo ndilo linali lomaliza.

Antchito a pa Tikolore anali ndi yuniyoni yawo. Wapampando wake anali Nungu, mkulu wofatsa, wokonda kuti chilichonse chiyende m'njira yake. Lolemba m'mawa Gologolo anamupeza akusongola singano. Nungu anamvetsera, nati dandaulo limeneli analimva kale kwa ena: mndandanda ukulembedwa popanda kufunsa eni mayina, ndipo akuluakulu sapezekamo. Koma nkhani zotere, anatero, zimayamba ndi kalata. Anazula munga umodzi kumsana kwake, nauviika mu inki, nalemba masamba awiri, nadinda chidindo cha yuniyoni. Mwa dongosolo, kalata yopita kwa bwana inkadzera kwa kapitawo. Nyani anailandira ndi manja awiri, nalonjeza kuti ifika.

Lachiwiri masana, Gologolo ali pampando, anadabwa kuti tebulo limene linkagwedera masiku onse lakhazikika. Atasuzumira pansi anaona pepala lopindidwa kanayi kunsi kwa mwendo, chidindo cha Nungu chikuonekera pakona. Kumeneko kunali kujomba koyamba. Anaimba nyimbo yake ija, ndipo inakula ndi ndime yatsopano, yonena za kalata imene inasanduka nsapato ya tebulo.

Nungu atamva, minga yake inaima. Anati tsopano yakwana nthawi ya msonkhano. Lachinayi anatsogolera antchito onse kwa Njati, amene anawalandira akubzikula. Atamva nkhaniyo anaitanitsa Fisi ndi Nyani kuti aliyense anene chimene chimamuletsa kudikirira lamya. Njati anayamba yekha. Anakweza ziboda zake, nakumbutsa anthu kuti lamya yakale inafa pa dzanja lake. Fisi anati iye chiseko chimamubwerera chokha. Tsiku lina mlimi akumuuza kuti nyemba zake zonse zafumbwa, iye anaseka mpaka mlimiyo analira. Kenako Nyani anaimirira, namanga mabatani a jekete, nkhope ili yachisoni.

"Bwana, ine ndikanakonda. Koma ndili pa chikamwini. Apongozi anga, mayi Nankhoma, amakonda kuimba masana. Nanga nditanyamula lamya n'kupeza kuti ndi iwo? Mkamwini kulankhulana ndi apongozi, pakamwa ndi khutu? Mwambo ndiuponde chifukwa cha matumba?"

Onse anagwedeza mitu, ndi Nungu yemwe. Ndani sadziwa kuti mkamwini akaona apongozi akubwera m'njira amapatukira m'tchire, ndipo mawu awo amawamvera kwa wina? Gologolo yekha ndiye anati pa miyezi isanu imene wakhala pampandopo, mawu a mayi Nankhoma sanawamvepo. Nyani anamufunsa ngati iye anakulira pakhomo pa apongozi akewo kuti adziwe mawu awo, ndipo Fisi anaseka mpaka kugwira khoma.

Njati anayasamula, natseka msonkhano.

"Lamya sitikakamiza munthu. Tsiku limene kapitawo adzapemphe ndi pakamwa pake kuti alembedwe, inenso ndi ziboda zangazi mudzandilembe, ndi Fisi yemwe."

Gologolo anakodola Nungu kuti mawu amenewo alembedwe m'buku la yuniyoni. Nungu analemba, ndipo Njati, akuseka, anadindapo chiboda.

Lachisanu kunali kujomba kwachiwiri. Nungu anati chatsala ndi kulembera ku likulu la yuniyoni, ndipo yankho limabwera pakapita miyezi itatu.

"Miyezi itatu, apampando? Sileti yanga idzakhala itatha ndi dzanja la wina."

Loweruka Gologolo analibe chimanga chogayitsa, koma anabwereka beseni kwa mnansi wake, nalunjika ku chigayo cha m'mudzi umene Nyani anakwatira. Mayi Nankhoma anawapeza pa mzere. Anali nyani wachikulire, wa mawu amphamvu, wa munda waukulu umene unkamulaka. Gologolo anathyola bondo, napereka moni, nawathandiza kutula dengu, nafunsa za nyamakazi. Kenako anayamba.

"Amayi, mkamwini ngati wanu sanabadwe. Kuntchito tonse timatengera chitsanzo."

"Uti? Uja amabwera kunyumba atatopa ngati wasenza phiri?"

"Yemweyo. Amakupatsani ulemu moti lamya ya masana sayikhudza, kuopa kuti mwina mungaimbe. Ndiye chitsulo chikalira, maola awiri athunthu amangokhala pamthunzi, kukuganizirani."

Mayi Nankhoma anatafuna mlomo. Kenako anati mkamwiniyo anauza mwana wawo kuti kuntchito kulibe mpata ngakhale womwera madzi, n'chifukwa chake munda wasanduka tchire, denga likudontha, ndi chimbudzi chadzaza. Anafunsa kuti lamyayo imaimbidwa bwanji. Gologolo anatola khala, nalemba manambala asanu ndi limodzi kunsi kwa lichero lawo. Anali okhotakhota, koma oona. Aka kanali koyamba kuti sukulu yake igwire ntchito kunja kwa katchalitchi, ndipo mtima wake unadumpha. Anawalangiza kuti akaimbire pa lamya ya pa golosale, ndipo aziimba akangomva chitsulo cha ku depoti, akuluakulu akadasamba m'manja.

Lolemba chitsulo chinalira. Gwape anatuluka, Gologolo anakhala pampando, Nyani anapita pa mgolo wa madzi ndi sopo wake wonunkhira. Lamya inalira. Mawu amphamvu anafunsa ngati mwamuna wa mwana wawo alipo, ndiponso ngati ali ndi chochita nthawi imeneyo. Gologolo anayankha zoona zokhazokha, monga lamulo linkanenera. Kenako anatulutsa mutu pa zenera, nakweza mawu monga lamulo lomaliza linkafunira.

"Akapitawo, apongozi anu akuti popeza muli ndi mpata, khasu lili pa chitsa. Udzu wapitirira chimanga."

Nyani anauma, thovu lili m'manja. Depoti yonse inali itamva. Akanakana bwanji? Mkamwini wokana khasu amapeza mphasa ndi sutikesi yake zili panja. Anavula jekete, napita. Kumundako anapeza mayi Nankhoma atakhala chomufulatira, akulankhula ndi chitsa. Ankauza chitsacho kuti eni khasu ayambire kumunsi, ndipo asasiye udzu m'mphepete mwa mizere ngati amene akumeta wamisala. Nyani sakanayankha. Chitsa sachiyankha, ndipo apongozi sawayankha. Anabwerera ku depoti chitsulo chachiwiri chikulira, manja ali matuza okhaokha, m'mimba mulibe kanthu.

Madzulo anapeza Gologolo akusoka thumba, namulamula kuti mawa apongozi akadzaimbanso awauze kuti kapitawo ali pa msonkhano.

"Lamulo loletsa kunama munalemba ndinu, akapitawo. Ine sindiwerenga, koma munatiwerengera bwino."

Lachiwiri lamya inaliranso pa nthawi yomweyo. Uthenga unali woti udzu wofolera wafika ndipo makwerero atsamira kale pa khoma. Nyani anakhala masana onse pa denga, apongozi akuuza nkhuku za pabwalo kuti mfoleri wina amasiya mipata yoonera nyenyezi. Gologolo naye sizinamukomere. Kumeneko kunali kujomba kwachitatu, ndipo mphepo inkamubweretsera mawu a anzake akutchula zilembo m'katchalitchi muja. Anaimba nyimbo yake ija motsitsa, osoka matumba akuvomera za mbereko, ndipo pamene inkatchula dzina la kapitawo iwo ankaloza ndi milomo kumudzi kumene kunkaoneka kanthu kakuda kakukwawa pa denga.

Nyani anayesa kudzera kwa mkazi wake kuti akamupepesere. Mkaziyo anati nayenso zaka zonsezi ankamuphikira phala la madzulo pomumvera chisoni kuti sapuma, ndipo wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Lachitatu Nyani anaganiza zake. Chitsulo chisanalire analowa mu ofesi mwakachetechete, nazula chingwe cha lamya pa khoma. Gologolo atakhala pampando anachiona chingwecho chili pansi kutsidya kwa chipinda. Anachiyang'ana, nayang'ana malamulo pa chitseko, natsegula kampango kake ka mtedza. Maola awiri anapita lamya ili zii. Nyani anadya mofatsa pamthunzi, nanyambita zala, nagonako pang'ono.

Koma tsiku lomwelo Bulu, woyendetsa lole, anaimba kasanu kufunsa ngati abwere kudzatenga matumba a nyemba. Posayankhidwa, anapita ku depoti ina. Njati atamva madzulo, fumbi linabuka pabwalo. Anaitana Gologolo, ndipo iye anafotokoza modekha kuti lamya sinalire, kuti chingwe anachiona pansi, koma lamulo loyamba silinamulole kuchoka pampando. Njati anafunsa kuti anazula ndani.

"Nkhope sindinaione, bwana. Ndinangoona mchira wautali ukutsirizira kutuluka pakhomo."

Njati anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana mchira wa kapitawo wake, nati wodzakhudzanso chingwecho adzadziwa chimene nyanga zinamerera.

Mayi Nankhoma nawo anali atayenda ulendo wa ku golosale pachabe, ndipo Lachinayi anabweza. Uthenga umene Gologolo analengeza pa zenera unali woti dzenje la chimbudzi likumbidwe mpaka mutu wa wokumba usaoneke. Nyani anabwerera ali psuu ndi dothi, akuyenda ngati nkhalamba. Ndipo atafika kunyumba madzulo anamva apongozi akuuza mtondo kuti zikombole zafika, mawa kuyamba kuumba njerwa za nyumba ya zipinda zinayi. Anauzanso mtondowo kuti pakhomo pawo mwamuna amamasulidwa ndi zinthu ziwiri zokha, matenda kapena ntchito ya kwa abwana ake.

Linafika Lachisanu, tsiku lomaliza la Gologolo. M'mawa podutsa pa chitseko anayang'ana mndandanda, naona kuti pa mzere wa pansi dzina lake lakhwatchidwa ndipo palembedwa lina. Sanafunike kuuzidwa kuti ndi la yani. Nungu naye analiona, namukokera pambali mosangalala.

"Achemwali, mwapambana. Chitsulo chikalira thamangani, sileti yanu ipulumuke."

"Ndikapita lero chonchi, Lachiwiri ndibwerera pampando womwewu. M'buku munalemba kuti ndi pakamwa pake. Itanani anthu, ndi abwana omwe."

Nungu anamuchenjeza kuti Nyani akauma khosi, sileti yapita. Gologolo anati akudziwa. Gwape asananyamule n'komwe kachikwama, iye anali ataima kale pambali pa mpando, ndipo mlembiyo atangonyamuka kukasamba m'manja, chitsulo chisanalire, Gologolo anakhalapo, nakulunga mchira wake ku mwendo wa mpandowo.

Nyani analowa akumwetulira, namuuza kuti lero apume, akhalapo ndi iye. Gologolo anafunsa kuti achoke bwanji, lamulo loyamba lilipo. Nyani anati mndandanda wasintha, akaone yekha pa chitseko.

"Ine sindiwerenga, akapitawo. Nenani ndi pakamwa, abwana amve."

Apo n'kuti antchito atadzaza pa zenera ndi pakhomo, Nungu ali patsogolo ndi buku lake, Njati wasuzumira ndi mutu wokha poti thupi silinkakwana. Nyani anayang'ana uku ndi uku, nati iye ndi kapitawo, sapempha mpando kwa wosoka matumba. Chitsulo chinalira. Kutali, a Kakowa anaimba kabelu kawo. Gologolo anakamva, koma sanasunthe.

Ndiye lamya inalira.

Inalira kamodzi. Inalira kawiri. Gologolo anatambasula dzanja pang'onopang'ono, maso ali pa Nyani. Nyani anaona zikombole, anaona matope, anaona zipinda zinayi ndi khonde lomwe.

"Bwana, ndikupempha. Ndilembeni pa lamya."

Nungu anati lamya ikusokosa, yuniyoni sinamve bwino. Nyani anabwereza mokweza, moti ndi osenza matumba a kuseri kwa nkhokwe anamva. Pamenepo Gologolo ananyamula lamya.

"Amayi, lero mkamwini wanu ali pa ntchito ya lamya. Inde, zoona. Mukudziwa kuti pampando uno sitinama."

Anaibwezera, namasula mchira, natsika. Nyani anakhalapo msangamsanga ngati wina amulanda, nagwira tebulo ndi manja onse awiri. Atapuma pang'ono anati popeza wayamba, amulembe masiku onse asanu, iye sadandaula. Nungu anatsegula buku lake mofatsa, nakonza kukhosi.

"Pepani, akapitawo. Yuniyoni singalole kuti wantchito mmodzi azizunzika pa lamya tsiku lililonse. Ngakhale inuyo tikuyenera kukutetezani."

Fisi anagwa pansi ndi chiseko, mpaka pamene Nungu anawerenga mawu odindidwa ndi chiboda aja n'kufika pa dzina lake. Njati anakanda mutu, nati mawu ndi ake ndithu, chiboda ndi chake, amulembe. Anayamba kukangana za masiku, koma Gologolo anali kale pakhomo.

"Lachinayi ndi langa. Enawo gawanani."

Anathamanga osayang'ana m'mbuyo. M'katchalitchi muja anapeza a Kakowa ataima ndi buku la mayina, cholembera chili m'mwamba, atatchula kale dzina lake kawiri. Analowa akupuma wefuwefu, ulusi wa matumba ukadali m'khosi, nayankha kuti alipo. A Kakowa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, natsitsa cholembera, namupatsa sileti yake.

Kuyambira pamenepo mndandanda unkalembedwa pamaso pa onse, ndipo wofuna kusinthana tsiku ankayamba wafunsa mwini wake. Lolemba linali la Njati. Anamukhomera kathabwa koti lamya izitsamira, iye n'kumangotsitsa khutu, ndipo alimi ankakonda kuimba tsikulo poti ankayankhidwa ndi bwana weniweni. Lachiwiri linali la Fisi, amene ankakhala ndi chitsononkho pafupi kuti chiseko chikamubwerera azichiluma. Lachitatu ankasinthana Nungu ndi osoka matumba. Lachinayi Gologolo ankakhala mosangalala, akukukuta mtedza ndi kuyeseza zilembo pa sileti. Lachisanu linali la Nyani, ndipo panalibe wosamalira lamya kuposa iye. Ankaipukuta fumbi ndi mpango wake womwe.

Panatsala vuto limodzi. Bodza la Nyani lija linali litasanduka zoona: apongozi tsopano ankaimbadi masana, ndipo tsiku lina akanatha kugwirizana pakamwa ndi khutu. Gologolo sanafune kuti mwambo upondedwe. Patapita miyezi iwiri, dzanja litazolowera, anakopera mndandanda wonse yekha, dzina ndi dzina, lake lomwe, napita nawo kwa mayi Nankhoma. Anawasonyeza mzere wa pansi, nati tsiku limenelo asamaimbe, kuti mkamwini wawo asachite manyazi. Mayiwo anathokoza ulemu wake. Kenako anayendetsa chala pa mizere inayi ya pamwamba, nafunsa ngati pamenepo dzina la mkamwini lilipo. Gologolo anawerenga mzere uliwonse mosamala, nayankha zoona.

Nyumba ya zipinda zinayi inamangidwa, ndi khonde lomwe. Nthawi zina Fisi ankamva chisoni n'kumupatsa Nyani Lachiwiri lake, ndipo Nyani ankalandira ndi manja awiri. Nyimbo ija sinafe. Osoka matumba ankaiimbabe pa zenera, koma yankho lake linasintha, linkanena kuti mwana ngwa onse ndipo mbereko ikuyenda. Lachisanu, amati, mawu okulirapo ankamveka akuvomera kuchokera mu ofesi.

N'chifukwa chake mpaka lero nyani mukamupeza m'munda masana sakhazikika. Amagwira pang'ono, n'kudzutsa mutu, n'kutchera khutu, kumvetsera ngati kwinakwake lamya ikumuitana. Ndipo gologolo mukakumana naye dzuwa lili paliwombo, musamuimitse ndi moni wautali. Wachedwa kusukulu.

Nthano yathera pompa. Chitsulo chalira, aliyense abwerere pa thumba lake.